Mayeso a Maola 8 a Akatswiri a Netiweki

Nkhani yathu ya lero ndi ya mayeso, koma si mayeso aja tidawazoloŵera a kusukulu, amene mwana amaloŵa m'kalasi ndi cholembera nalemba zimene akukumbukira. Aŵa ndi mayeso a manja. Munthu amakhala pa mpando maola 8, patsogolo pake pali makina ambirimbiri olumikizana, ndipo amauzidwa kuti awagwiritse ntchito monga momwe kampani ingafunire. Pofika madzulo, oyesa safunsa kuchuluka kwa zimene iye akudziŵa ai; amangoyang'ana ngati uthenga wochoka pa makina aŵa ukufikadi pa makina awo. Dzina la mayesoŵa ndi CCIE, ndipo anthu ogwira ntchito yolumikiza makompyuta amawatchula ndi ulemu wosakanikirana ndi mantha.

Tisanapite patali ndiyenera kufotokoza pang'ono za makinawo, pakuti ambiri a ife timawadalira tsiku ndi tsiku koma sitidawaonepo. Pamene mayi wa ku Mzimba atumiza ndalama pa lamya ya m'manja kwa mwana wake amene ali pa sukulu ku Zomba, uthengawo umadulidwa m'tizidutswa, ndipo kachidutswa kali konse kamalembedwa keyala ya kumene kakupita. Panjira tizidutswato timakumana ndi makina otchedwa router. Ntchito ya router ikufanana ndi ya kalaliki wa ku positi ofesi wosankha makalata: amaŵerenga keyala, nayang'ana m'kaundula wake, naponya kalatayo m'thumba loyenera. Kusiyana kwake n'kwakuti kaundula wa router salembedwa ndi munthu mzere ndi mzere. Ma router amauzana okha za njira zimene akuzidziŵa, ndipo njira ina ikaduka amauzananso nasankha ina. Malamulo a kauzanidwe kameneka ali ndi maina ake, monga OSPF, EIGRP ndi BGP. Katswiri wa netiweki ndiye munthu amene amakhazikitsa malamuloŵa m'makina, naweruza pamene makinawo asemphana.

Mwini wake wa mayesoŵa ndi kampani ya Cisco, ya ku San Jose m'chigawo cha California ku America. Idayambitsidwa m'chaka cha 1984 ndi Leonard Bosack ndi Sandy Lerner, amene ankagwira ntchito pa yunivesite ya Stanford. Makina ake atafala m'mabanki, m'makampani a lamya ndi m'maofesi a maboma, padafunika njira yodziŵira munthu amene angawachiritse akavuta. Motero m'chaka cha 1993 kampaniyo idayambitsa CCIE, ndipo ali yense wopambana amapatsidwa nambala yakeyake imene sipatsidwanso kwa wina. Kuŵerengako sikudayambire pa 1 ai, kudayambira pa 1024, chiŵerengero chimene anthu a makompyuta amachikonda chifukwa ndicho chimatuluka mukachulukitsa ma 2 khumi. Nambala yoyambayo adaipatsa chipinda choyeseramo chenichenicho. 1025 idapita kwa Stuart Biggs, amene adakonza mayesowo, ndipo 1026 idapita kwa Terry Slattery. Tsopano manambala adapitirira 60,000. Kumeneko n'kuŵerenga dziko lonse lapansi, pa zaka zoposa 30.

Masiku oyambawo mayeso ankatenga masiku aŵiri. Munthu ankamanga netiweki tsiku loyamba ndi m'maŵa mwa tsiku lachiŵiri. Kenaka ankatulutsidwa, oyesa naononga dala zimene wamangazo, namubwezamo kuti apeze zoonongekazo ndi kuzikonza. M'chaka cha 2001 adawafupikitsa kukhala a tsiku limodzi. M'mwezi wa February 2020 adawakonzanso kwambiri, kotero kuti nthambi yotchuka ija ya Routing and Switching idasanduka Enterprise Infrastructure. Ziripo nthambi zina, monga ya chitetezo ndi ya makampani a lamya, koma ife lero tikamba za imeneyi.

Makwerero ake ndi aŵiri. Loyamba ndi mayeso a mafunso a maola 2, ndipo wopambana amakhala ndi zaka 3 zoti aloŵe m'chipinda cha maola 8 chija. M'chaka cha 2020 mtengo wa oyambawo udali madola 400 a ku America, ndipo wa achiŵiriwo madola 1,600 pa ulendo uli wonse umene munthu ayesa. Zipinda zoyeseramo ziri m'mizinda yoŵerengeka, monga Brussels, Dubai, Bangalore ndi Richardson ku Texas, ngakhale nthaŵi zina amazipititsa ku mizinda ina kwa masiku ochepa. Tsono wochokera kuno kwathu aonjezerepo tikiti ya ndege, chilolezo choloŵera m'dziko la eni, malo ogona, ndi vuto lija lodziŵika la kupeza ndalama zakunja. Kulephera mayeso ameneŵa n'kutaya chuma chimene banja lidasunga nthaŵi yaitali.

Tiyeni tiloŵe m'chipindamo. Woyesedwa amasiya lamya, mabuku ndi mapepala ake onse panja. Amapatsidwa kompyuta ndi zithunzi za netiweki ya kampani yongopeka. Pamakhalanso woyang'anira, amene akhoza kumveketsa funso koma sapereka yankho. Malinga ndi dongosolo la 2020, maola 3 oyamba adali a kukonza mapulani: makalata ongoyerekeza amafika kuchokera kwa bwana ndi anzake a pa ntchito, zofuna za kampani zimanka zisintha, ndipo iye amasankha chochita. Akayankha funso napitirira, sangabwererenso m'mbuyo. Maola 5 otsalawo adali a kumanga, kuyendetsa ndi kukonza. Kagaŵidwe ka maolaŵa eni ake amakasintha nthaŵi ndi nthaŵi, koma mtima wa mayeso susintha.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri si kuvuta kwa funso limodzi ai, koma kudalirana kwa mafunso. Ntchito ya masana imakhala pamwamba pa ya m'maŵa monga mzere wa njerwa pamwamba pa unzake. Akapotoza maziko, khoma lonse limapendama, ndipo mwina amazindikira zimenezi patatsala theka la ola. Kuyambira kale mwambo wa mayesoŵa wakhala wakuti ntchito yotheka theka siŵerengedwa: funso likafuna zinthu zinayi, iye nakwanitsa zitatu, malikisi a funsolo apita. Ndiponso oyesa amakonda kutseka njira yapafupi. Amati, chititsa makina aŵa kulankhulana ndi awo, koma usalembe njira ndi manja, ndipo usasinthe china chiri chonse pa makina apakatiŵa. Munthu wodziŵa njira imodzi yokha yochitira chinthu amaima pomwepo.

Nanga munthu amakonzekera motani mayeso otere? Woyamba kumene amathamangira mabuku, ndipo salakwa, pakuti popanda kumvetsa chifukwa chimene makina amachitira zimene amachita, manja okha sapita patali. OSPF, mwachitsanzo, imapeza njira yaifupi mwa masamu amene Edsger Dijkstra wa ku Holland adawasindikiza m'chaka cha 1959, ndipo wophunzira ayenera kudziŵa kuŵerengera njira imeneyo yekha pa pepala. Komatu munthu akhoza kufotokoza bwino lomwe kasokedwe ka jekete, koma mumpatse nsalu ndi sizasi, mumuuze kuti mwini wake abwera kudzatenga dzuŵa lisanaloŵe, pamenepo mudzaona ngati ndi telala. Kuŵerenga kumabala chinyengo china choopsa: munthu akaona tsamba limene adaliŵerengapo, mtima umamuuza kuti zimenezi akuzidziŵa, pamene zoona zake n'zakuti wangolizindikira tsambalo.

Mankhwala ake ndi kuononga. Nditenge chitsanzo chimodzi kuti mumvetse. Ma router aŵiri oyandikana amene akuyendera OSPF amapatsana moni pa masekondi 10 ali onse, ndipo ina ikakhala masekondi 40 osamva moni wa inzake, imaiyesa yakufa niifafaniza m'kaundula. Kuti aŵiriŵa avomerezane kukhala anansi, pali zinthu zingapo zimene ziyenera kufanana: nthaŵi ya moniyo, dera limene ali, mau achinsinsi ngati alipo. Buku limandandalika zonsezi m'theka la tsamba, ndipo wophunzira waulesi amaloŵeza mndandandawo napitirira. Wophunzira wanzeru amalumikiza ma router aŵiri, naona kuti agwirizana, kenaka nasintha chinthu chimodzi dala. Asanayang'ane chotsatira, amayamba walemba m'kope chimene akuganiza kuti chichitika. Atatero ndiye amayang'ana. Akasintha nthaŵi ya moni, aŵiriwo saonananso n'komwe. Koma akasintha muyeso wa kachidutswa kakakulu kamene waya angathe kunyamula, muyeso umene kaŵirikaŵiri umakhala 1500, chimachitika n'china: aŵiriwo amapatsana moni bwinobwino, koma pofika poti asinthane makaundula amangoima pakhomo, monga alendo amene alonjerana koma nkhani imene adadzera siyambika. Munthu amene adaonapo matenda aŵiriŵa ndi maso ake sawasokoneza. Tsiku la mayeso amadziŵa kumene angayang'ane pa mphindi imodzi, pamene mnzake woloŵeza mndandanda amayesa ichi ndi icho kwa theka la ola.

Kulemba m'kope asanayang'ane kuja ndiko kuli ndi phindu lalikulu, chifukwa pamene kulosera kwake kwaphonya, pamenepo ndi pamene pali dzenje m'chidziŵitso chake. Kope limenelo, lodzala ndi zimene zidamdabwitsa, limaposa buku liri lonse la m'sitolo m'sabata yomaliza. Amene ali ndi mnzake wophunzira naye amachita bwino koposa: mmodzi amamanga, winayo naononga mobisa, nasinthana. Paja mutu umodzi susenza denga. Ndiponso munthu sangathe kudzibisira yekha cholakwika.

Malo ena ovuta ndi pamene malamulo aŵiri akumana. Kampani ikagula inzake, mbali imodzi ikuyendera OSPF inayo EIGRP, pamafunika ma router a m'malire omasulira njira za uku kuzipititsa uko. Malire akakhala ndi zipata ziŵiri, njira imene yatulukira pa chipata china ikhoza kubwereranso pa chinzake, makina naiyesa nkhani yatsopano. Zikufanana ndi mphekesera imene munthu waiyambitsa yekha m'maŵa, madzulo naimva kwa wina, nayamba kuikhulupirira chifukwa yachokera kunja. Zikatero tizidutswa ta uthenga timangozungulira pakati pa makina mpaka titafa. Mabuku amachenjeza za zimenezi, koma mwa ine, munthu amene sadapangepo dala kuzungulira kotere, nakutsata chipata ndi chipata, sanakonzeke kuloŵa m'chipinda chija.

Chizoloŵezi china chimene chiyenera kukhazikika m'manja ndi cha kutsimikiza. Kulemba lamulo m'makina ndi kugwira ntchito kwa lamulolo ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Router siikana lamulo lolembedwa bwino koma loikidwa pa khomo lolakwika. Imangolilandira, nikhala chete. Chifukwa chake wophunzira adziphunzitse kuti akamaliza kantchito kali konse afunse makinawo: kodi mnansi wako ndani, njira yakutiyakuti waimva kwa yani, uthenga wanga wadzera kuti? Mafunso ameneŵa amadya masekondi ochepa, koma ambiri amawadumpha poopa nthaŵi, ndipo iwowo ndiwo amatuluka m'chipinda akusekerera, maŵa lake nalandira uthenga wakuti alephera.

Zonsezi zimafuna makina ophunzirirapo. Kale anthu ankagula ma router akale, nawaunjika m'chipinda chogona, kumene ankalira usiku wonse ndi kutentha ngati ng'anjo. Ena ankachita lendi makina a kutali pa maola oŵerengeka. M'chaka cha 2005 Christophe Fillot wa ku France adalemba pulogalamu yotchedwa Dynamips, imene idachititsa kompyuta wamba kudziyesa router. Pambuyo pake padabwera GNS3, EVE-NG ndi Cisco Modeling Labs, kotero kuti lero kompyuta imodzi yamphamvu ikhoza kusenza netiweki ya makina makumimakumi. Kusintha kumeneku kudatsegulira khomo anthu a maiko osauka kuposa china chiri chonse. Komabe mbali zatsopano za mayeso, monga SD-WAN, imene Cisco idailimbikitsa itagula kampani ya Viptela m'chaka cha 2017, zimafuna kompyuta yaikulu ndithu. Ndipo kuyambira 2020 woyesedwa ayeneranso kudziŵa kulemba timapulogalamu ta Python tolamulira makina ambiri nthaŵi imodzi. Wophunzira wa kuno kwathu ali ndi mphunzitsi wina woonjezera, ndiye kuzima kwa magetsi, kumene kumamphunzitsa msanga kusunga ntchito yake pafupipafupi.

Miyezi yomaliza ndi ya liŵiro. Pano sitikunena za kuthamangitsa zala kokha ai, ngakhale nakonso n'kofunika. Malamulo amene afanana pa makina ambiri amayamba awalemba pa malo amodzi, nawakopera m'makina onse, m'malo mowalemba kachiŵiri ndi kachitatu. M'chipinda choyeseramo amaloledwa kutsegula mabuku a malangizo a kampaniyo pa kompyuta, koma mabukuwo ndi nkhalango. Amene sadayendemo kale amasokera, motero wophunzira ayenera kudziŵa pamene pali chinthu chiri chonse chimene sangathe kuchisunga pamtima. Aphunzirenso kusiya funso limene lamkanika. Zimenezi n'zoŵaŵa kwa munthu wonyadira luso lake, amene pa ntchito adazoloŵera kusachoka pa vuto mpaka litatha, koma funso limodzi likhoza kudya ola limene likadapindula mafunso asanu. Potsiriza, ayese tsiku lathunthu kangapo: Loŵeruka m'maŵa atseke chitseko, azimitse lamya, akhale maola 8 monga momwe zidzakhalire. Maganizo a munthu pa ola lachisanu ndi chiŵiri sali monga a pa ola loyamba, ndipo ndi bwino kuti adziŵe zimenezi ali kwao.

Ndiyenera kunenapo za njira yachidule imene ena amaitsata. Pa intaneti pali anthu ogulitsa mafunso obedwa pamodzi ndi mayankho ake. Ali yense woyesedwa amalonjeza kusaulula za m'chipindamo, ndipo wogwidwa akhoza kulandidwa satifiketi ndi kuletsedwa kuyesanso. Koma chilango chimenechi sindicho chachikulu. Munthu woloŵeza mayankho amapatsidwa makiyi a netiweki yeniyeni, ndipo netiweki yeniyeni ikavuta pakati pa usiku siibwera ndi pepala la mayankho. Pa 24 February 2008 kampani ya Pakistan Telecom, pofuna kutseka YouTube m'dziko lake lokha, idalengeza kudzera mu BGP kuti njira ya ku YouTube iri kwa iyo. Chilengezocho chidadumpha malire, ndipo popeza ma router amakonda keyala yolunjika kwambiri kuposa yotambalala, makina a m'maiko ambiri adachikhulupirira. YouTube idasoŵa pa dziko lapansi pafupifupi maola 2. Pa 4 October 2021 Facebook, WhatsApp ndi Instagram zidazima pafupifupi maola 6, chiyambi chake chikhala lamulo limodzi lolembedwa pa ntchito wamba yosamalira makina. Ngati zotere zimagwera akatswiri enieni, nanga woloŵeza mayankho?

Ife a dziko lopanda doko nkhaniyi ikutikhudza mwa njira yakeyake. Intaneti yathu imafika ku nthambo za pansi pa nyanja yamchere podzera m'maiko oyandikana nafe, monga Tanzania ndi Mozambique. Pamene nthambo za EASSy ndi SEACOM zidaduka pa 12 May 2024, maiko angapo a kummaŵa ndi kummwera kwa Africa adavutika, Malaŵi ali momwemo. Pa tsiku lotere chimene chimapulumutsa ndi njira yachiŵiri imene wina adaikonza kale, naiyesa, natsimikiza kuti makina adzaisankha okha.

Kodi tsono mnyamata kapena mtsikana ali yense wokonda makompyuta athamangire mayeso ameneŵa? Ine ndikuti ai. Lamulo silikakamiza kuti munthu ayambe wapambana mayeso ang'onoang'ono a CCNA ndi CCNP, koma eni ake amalangiza kuti akhale atagwira ntchitoyi zaka 5 mpaka 7. Ena amadandaula kuti ameneŵa ndi mayeso a kampani imodzi yogulitsa makina ake, ndipo dandaulo limeneli liri ndi mbali yoona. Makampani ena nawo ali ndi awo, monga JNCIE ya Juniper ndi HCIE ya Huawei. Koma OSPF ndi BGP si chuma cha kampani imodzi. BGP adaiyamba m'chaka cha 1989 Kirk Lougheed wa ku Cisco ndi Yakov Rekhter wa ku IBM, poijambula pa timapepala topukutira m'manja pa nthaŵi ya chakudya, ndipo lero makina a makampani onse amaiyendera. Zimene munthu waphunzira pa malamulo ameneŵa amapita nazo kuli konse.

Amene watsimikiza mtima ayambe wakhala pansi ndi a kunyumba kwake. Kukonzekera kumatenga chaka, kaŵirikaŵiri kupitirira, ndipo maola ake amachotsedwa pa madzulo, pa Loŵeruka, pa maukwati a abale ndi pa macheza a ana. Mkazi kapena mwamuna wa wophunzirayo amalipira nawo mtengo umene dzina lake silidzalembedwa pa satifiketi. Auzidwe poyera kuyambira pachiyambi kuti ambiri, ngakhale odziŵa, amalephera ulendo woyamba, kuti ndalama za ulendo wachiŵiri ziganiziridwe pamodzi ndi za woyamba. Wolephera amalandira lipoti losonyeza mbali zimene adafooka, koma osati mafunso amene adalakwa, ndipo amadikira masiku 30 asanaloledwe kuyesanso. Masiku oyamba atabwerako ndiwo a mtengo wapatali: zimene zidamvuta zikali m'mutu, azimange pa makina ake, aziononge, azikonzenso, popanda kuulula kwa wina za m'chipindamo.

Zotsatira zimatuluka pasanathe maola 48, kotero kuti ambiri amaziona ali pa bwalo la ndege kapena m'chipinda cha alendo m'dziko la eni. Wopambana amaona nambala yake ya manambala asanu. Satifiketiyo imakhala ndi mphamvu zaka 3. Zisanathe, mwini wake ayenera kulembanso mayeso ena kapena kusonyeza maphunziro oonjezera amene wachita, apo ai imatha ntchito.